Za Sileti, Wailesi ndi Tabuleti m'Masukulu Athu

Masukulu oyamba m'dziko lino la Neno anadza ndi amishoni. Ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort anamanga mishoni yao pa Neno m'chaka cha 1906, ndipo m'chaka cha 1908 a mpingo wa Seventh-day Adventist anayamba ntchito yao pa Matandani. Kuchokera pa malo awiri amenewa aphunzitsi anabalalika m'midzi yozungulira, natsegula timasukulu tofolera ndi udzu. Boma la Atsamunda linali lisanaike mtima pa za maphunziro, pakuti Dipatimenti ya Maphunziro inakhazikitsidwa mochedwa, m'chaka cha 1926. Chotero mphunzitsi wa kumudzi anali kugwira ntchito ndi chiri chonse chimene manja ake anapeza.

Chipangizo chake choyamba chinali dothi. Ana anali kukhala pabwalo, nasalaza mchenga ndi chikhatho, nalemba a, e, i, o, u ndi chala. Pambuyo pake panafika bolodi ndi choko, ndiponso sileti. Achinyamata a lero saidziwa sileti. Kanali kamwala kakuda, kopyapyala ndi kosalala, kotchingidwa ndi timatabwa m'mbali mwake, ndipo mwana anali kulembapo ndi kamwala kena konga pensulo. Akatha kulemba anali kufufuta ndi kansanza konyowa. Ana osasamala anali kufufuta ndi malovu.

Ena angaseke pomva kuti ndikuwerengera sileti pamodzi ndi makina a masiku ano. Koma taganizani zimene inachita. Mphunzitsi akafunsa funso pakamwa, amayankha mwana mmodzi, ena makumi anai ali duu, ena akuwodzera. Koma akanena kuti, "Lembani 7 kuphatikiza 5, ndipo mukweze masileti," mwana ali yense ayenera kuganiza, ndipo mphunzitsi amaona mitu yonse ya m'kalasimo ndi kuponya maso kamodzi. Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akuluakulu mukudziwa bwino kuti chilembo sichikhazikika m'mutu pochiyang'ana chabe. Chimakhazikika dzanja likachilemba, likalakwa, ndi kuchilembanso. Kuipa kwa sileti kunali kwakuti zonse za tsikulo zinali kufufutidwa, mwana osapita nacho kanthu kwao, ndiponso ikagwa pa mwala inali kusweka.

Panalinso mtundu wina wa zipangizo, umene unafika mu Africa muno pamodzi ndi amishoni oyambirira. David Livingstone anali kuyenda ndi nyali yoonetsa zithunzi pa nsalu. M'mwezi wa January, m'chaka cha 1854, anaionetsa kwa Shinde, mfumu ya Alunda, kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi. Chithunzi choyamba chinali cha Abrahamu atakweza mpeni pa mwana wake Isake. Pamene anasuntha galasi la chithunzicho, mpeni unaoneka ngati ukudza kwa anthu, ndipo amai amene anali pamenepo anafuula nathawa, kugwerana okhaokha. Shinde yekha anakhazikika, nayang'anitsitsa m'mene nyaliyo inapangidwira. Nkhaniyi ndi yoseketsa, koma iri ndi phunziro kwa ife aphunzitsi. Nyali inasonkhanitsa khamu, inagwedeza mitima, koma anthu anapita kwao akusimba za nyali, osati za Abrahamu. Momwemonso akuluakulu akukumbukira galimoto za kanema zimene zinali kufika pa bwalo madzulo. Mudzi wonse unali kukhamukira kumeneko. Kutacha, zokamba zinali za munthu amene anagwa mochititsa kaso, osati za kakumbidwe ka chimbudzi kamene kanemayo anadzera.

Tsono kuyambira pachiyambi zipangizo zakhala za mitundu iwiri: zina zimachititsa mwana kuyang'ana, zina zimamchititsa kuyankha. Mbiri ya wailesi m'masukulu ikutionetsa chipangizo chimodzi chimene chinayamba mu mtundu woyamba, ndipo patapita zaka zambiri chinaphunzira kulowa mu mtundu wachiwiri.

Mau a Chinyanja anayamba kumveka pa wailesi kuchokera ku Lusaka. Mkulu wa zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, anaona kuti kuulutsa mau n'kwachabe ngati anthu alibe chomvera. Anapempha kampani ya Ever Ready ya ku England kuti ipange wailesi yotsika mtengo, ndipo m'chaka cha 1949 inatuluka wailesi yozungulira ngati sefuliya, imene Azungu anaitcha Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire yake masheleni 25. Inafika m'midzi ya ku Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland, makamaka m'nyumba za aphunzitsi, akalaliki ndi amuna obwera ku migodi. Dziko lathu litalandira ufulu m'chaka cha 1964 linakhala ndi nyumba yakeyake youlutsira mau, ya MBC, ndipo m'chaka cha 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, mothandizidwa ndi maphunziro a pa wailesi. Ndiyo imene inasintha dzina m'chaka cha 1987 nikhala MCDE, dzina limene ambiri a inu mukulidziwa. Kwa mnyamata wa kumapiri amene sanasankhidwe kupita ku sekondale, ichi chinali chitseko chachiwiri, ndipo ambiri analowera pomwepo.

Komatu wailesi ya masiku amenewo inali ngati mlendo wolankhula yekha. Munthu wa ku Blantyre anali kufotokoza phunziro kuyambira poyamba mpaka pothera, osadziwa ngati omvera atsalira m'mbuyo. Kwa wophunzira wamkulu, wodziwa chimene akufuna, zinali zothandiza. Kwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, mau otere ali ngati mvula pa denga. Amamveka, koma sanyowetsa.

Njira yatsopano inayesedwa kutali, m'dziko la Nicaragua ku America wa Pakati, kuyambira m'chaka cha 1974, pophunzitsa masamu. Nzeru yake inali yaing'ono, koma inasintha zonse. Anati wailesi ifunse funso, kenaka ikhale chete, ana ayankhe. Anansi athu a ku Zambia anaitenga njirayi m'chaka cha 2000 ndi pulogalamu yao ya Taonga Market. Kuno kwathu inafika panthawi imene tinali kuisowa koposa. Sukulu ya pulaimale itakhala yaulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji, ndipo makalasi ambiri anasamukira pansi pa mitengo. Zaka khumi zitapita, bala limeneli linali lisanapole. M'chaka cha 2007 Unduna wa Maphunziro, ndi thandizo la boma la America, unayamba kukonza pulogalamu yotchedwa Tikwere, imene inayamba kumveka pa MBC m'chaka cha 2008. Inali ya ana a Sitandade 1, ndipo pambuyo pake inafika ku Sitandade 2 ndi 3.

Masukulu analandira mawailesi osafuna mabatire ogula. Anali ndi kachigwiriro kopukusa, ndiponso ankatha kutenga mphamvu ku dzuwa. Nzeru ya wailesi yopukusa inachokera kwa Trevor Baylis wa ku England m'zaka za m'ma 1990. Ameneyu anaona vuto lenileni, pakuti wailesi zambiri za m'midzi zinali kufa, osati ndi matenda, koma ndi njala ya mabatire.

Ine ndinali mphunzitsi wachinyamata masiku amenewo, ndipo ndifotokoza m'mene phunziro linali kuyendera, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Nthawi ikakwana, mwana mmodzi anali kupukusa wailesi, ndipo udindo umenewu anali kuulimbirana. Phunziro linali la mphindi 30. Mphunzitsi wa m'wailesi anali kulankhula ndi ana, komanso ndi ine. Anali kundiuza kuti ndilembe chilembo chakuti pa bolodi, kapena ndisankhe mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi abwere kutsogolo. Akafunsa funso anali kukhala chete, ndipo kalasi lonse linali kuyankha. Kenaka nyimbo, kenaka kuwerenga timiyala kapena zitsekerero za mabotolo, kenaka kukhala awiriawiri. Mwana analibe mpata wowodzera. Ochedwa anachepa, pakuti wailesi sidikira munthu amene ali ku dambwe kapena ku mtsinje.

Chinanso chimene anthu ambiri sanachione n'chakuti wailesiyo inali kuphunzitsa ife aphunzitsi mwakachetechete. Munthu amene sanapite ku koleji, akauzidwa tsiku ndi tsiku kuti asankhe mtsikana, kuti adikire yankho, kuti ayamikire mwana woyesa, pomaliza amachita zimenezo ngakhale wailesi itazimitsidwa. M'kuona kwanga, phindu ili linaposa la nyimbo zonse zija.

Mavuto analipo, ndipo sitiyenera kuwabisa. Kuno ku Neno mapiri amatchinga mau, kotero kuti m'zigwa zina wailesi inali kungoti phwii, mphunzitsi n'kumayendayenda nayo pabwalo kufunafuna pomveka. Mvula ikagwa pa malata, palibe chimene chinali kumveka. Kalasi la ana oposa 100 pansi pa mtengo silingamve kawailesi kamodzi. A kutsogolo anali kuyankha wailesi, a kumbuyo anali kuyankha anzao a kutsogolo. Zigwiriro zinathyoka, ndipo wokonza kunalibe. Choipa choposa chinali mphunzitsi waulesi, woika wailesi pa mpando napita kukacheza pakhonde. Pamenepo wailesi inali kukhala chete kudikira kuti bolodi lilembedwe, koma wolemba palibe. Pamene thandizo la ndalama la kunja linatha, m'masukulu ambiri wailesi inalowa m'kabati ya ahedi.

Tinaikumbukanso m'chaka cha 2020. Pa 23 March masukulu onse anatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo Unduna unaika maphunziro a ana a pulaimale pa wailesi. Kunali kuyesetsa kwabwino. Koma pamene masukulu anayamba kutsegulidwa m'mwezi wa September, tinaona kusiyana. Mwana amene anali ndi mkulu wake, mai ake kapena amalume okhala naye pambali anapindula. Amene anali yekha, kapena amene wailesi ya pakhomo inali kupita kumunda ndi bambo, anabwerera ataiwala ndi zimene anali kudziwa kale.

Tsopano tifike pa tabuleti. Ndi kagalasi kafulati kamene kamaonetsa zithunzi, kulankhula, ndi kumva pamene chala chakhudza. Msinkhu wake ndi wonga wa sileti, ndipo mwana amaigwira monga momwe agogo ake anali kugwirira sileti. M'chaka cha 2013 bungwe la onebillion la ku Britain, pamodzi ndi la VSO, linayesa matabuleti ophunzitsa masamu m'Chichewa pa sukulu ya Biwi mu Lilongwe. Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anayeza ntchitoyo. Ana anagwiritsa matabuleti mphindi 30 pa tsiku kwa milungu 8, ndipo anapezeka kuti apita patsogolo pa masamu kuposa anzao amene sanawagwiritse. M'chaka cha 2023 boma linayamba pulogalamu ya BEFIT m'masukulu 500, ndi cholinga chofikira masukulu onse a pulaimale a boma, a ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Mphamvu ya tabuleti siri m'kuwala kwake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kagalasi kongoonetsa zithunzi sikasiyana ndi nyali ya kwa Shinde. Mphamvu yake ndi yakuti imadikira mwana mmodzimmodzi. Wailesi inali kudikira kalasi lonse kwa kanthawi kofanana, wofulumira ndi wochedwa chimodzimodzi. Tabuleti sipita patsogolo kufikira chala chitakhudza yankho. Mwana akalakwa imamuuza pomwepo, osamseka, ndipo amayesanso. Mwana wamanyazi, amene sangakweze mkono pakati pa anzake 100, amayankha mafunso ambiri m'theka la ora kuposa amene angayankhe pakamwa m'chigawo chonse cha sukulu. Koma dzanja liyenerabe kugwira pensulo, ndipo pafunikabe munthu woona kuti mwana wakutiyakuti wakhala pa phunziro limodzi masiku atatu, ndi kupita kukakhala naye pansi.

Kwa ife a ku Neno patsala nkhani ya magetsi. M'malire mwa boma lathu, pa mathithi a Nkula pa mtsinje wa Shire, makina akhala akupanga magetsi kuyambira m'chaka cha 1966. Nthambo zake zinalunjika ku mizinda, ndipo kwa zaka zambiri mwana wa kwa Dambe kapena kwa Chekucheku anali kuwerenga ndi koloboyi. Matabuleti a BEFIT anakonzedwa kuti asadikire nthambo zimenezo, pakuti amadzazidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Zimene adzafuna kwa inu makolo ndi a komiti ya sukulu ndi zinthu zodziwika kale: chipinda cha chitseko cholimba, mlonda wolipidwa pa nthawi yake, denga losadontha m'mwezi wa January, ndi munthu wokwera pamwamba kukapukuta fumbi pa magalasi a sola m'nyengo ya chilimwe.