Mbiri Yobisika m'Makobiri

Pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, m'boma la Phalombe, pali mabwinja a linga la Fort Lister. Angerezi adamanga lingali m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita kunyanja ya mchere. Masiku amenewo malonda ankayendera nsalu, mikanda ndi mchere. Ndalama zachitsulo zidafala pambuyo pake, pamene atsamunda adayamba kukhometsa msonkho wa nyumba.

Chiyambire nthaŵi imeneyo, ulamuliro uliwonse wasiya chidindo chake pa ndalama, ndipo nchifukwa chake anthu ena amakonda kufufuza zakale pakati pa makobiri amene alandira. Kobiri lachitaganya, limene lidayamba kutuluka mu 1955, lidali loboola pakati ndipo lidali ndi njovu ziŵiri. Mu 1964, dziko litalandira ufulu, nkhope ya Dr. Kamuzu Banda idaloŵa m'malo mwa zizindikiro za Mfumukazi. Mu 1971 kudabwera kwacha ndi tambala: shilingi imodzi idasanduka matambala khumi, koma chithunzi cha chimanga chidakhalabe. Utabwera ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, ndalama zatsopano zidatuluka ndi nkhope ya Bakili Muluzi.

Lero tambala sagula ngakhale chibalobalo cha mtedza, choncho ambiri amangomutaya. Koma mabwinja amagumuka ndi mvula, pamene chitsulo chimapirira. Wophunzira wopeza ndalama yakale m'chitini cha agogo aŵerenge chaka chake, afunse chimene inkagula, ndipo aisunge, pakuti wagwira mboni ya mbiri ya dziko lake.