Hachi-Roku

M'Chijapani, hachi ndi 8, roku ndi 6. Okonda magalimoto akati Hachi-Roku amanena Toyota AE86 yopangidwa kuyambira 1983 mpaka 1987: Corolla Levin, kapena Sprinter Trueno ya nyali zotseguka ngati zikope. Ndi yopepuka, ndipo injini yake ya 4A-GE, ya malita 1.6, imakoka ndi mateyala akumbuyo. N'chifukwa chake woyendetsa magalimoto a mpikisano, Keiichi Tsuchiya, ankaserereka nayo m'makona.

Lero eni ake amaiphwasula m'galaja ya pakhomo, n'kumapala dzimbiri pamwamba pa mateyala akumbuyo, kenako kuwotcherera chitsulo chatsopano. Ena amaikamo injini ya mavavu 20 yochokera m'Corolla zapambuyo pake. Ine ndimayamikira amene amakonza yakale ija, ya mavavu 16, ngakhale imadya nthawi yambiri.