Tsankho ndi ufulu wovota: America ndi Leicester

Ukapolo unatha m'dziko la America mu 1865, ndipo mu 1870 malamulo aakulu a dzikolo analetsa kumana munthu ufulu wovota chifukwa cha khungu lake. Azungu okhulupirira kuti mtundu wawo ndi wapamwamba sanagonje. Gulu la Ku Klux Klan linkaopseza ndi kupha anthu akuda ofuna kuvota, kenaka maboma a kummwera anaika msonkho ndi mayeso a kuwerenga pokalembetsa. Ku Louisiana, ovota akuda anali oposa 130,000 mu 1896. Pofika 1904 anatsala 1,342.

Mzinda wa Leicester, m'chigawo cha East Midlands ku England, unaona tsankho lofananako, koma lopanda lamulo lolichirikiza pa nkhani ya mavoti. Mu 1972, Idi Amin atathamangitsa amwenye ku Uganda, khonsolo ya mzindawu inalengeza m'nyuzipepala ya Uganda Argus kuti asabwere ku Leicester. Anabwerabe, ndipo ena anatsatira kuchokera ku Malawi. Chipani cha National Front, chomwe chinkafuna kuti osakhala azungu abwezedwe komwe anachokera, chinapeza mavoti pafupifupi 18 pa 100 alionse pa chisankho cha makhansala mu 1976, koma mpando sichinapeze.

Kuwafufuta m'kaundula kunali kosatheka, poti nzika za mayiko a Commonwealth zokhala movomerezeka ku Britain, kuphatikizapo Amalawi, zimaloledwa kuvota. Mu 1987, dera la Leicester East linasankha Keith Vaz, mwana wa makolo ochokera ku Goa, m'dziko la India, kukhala phungu wa nyumba ya malamulo.