Kufanana kwa Mbali za Chombo cha M'mlengalenga

Chombo cha m'mlengalenga sichifunika kufanana kumanja ndi kumanzere. Chachikulu n'chakuti mphamvu ya injini ikankhe molunjika pakatikati pa kulemera kwa chombocho. Ikaphonya pamenepo, chombo chimayamba kupidiguka m'malo mowongoka.

Roketi ikamaboola mpweya, kufanana kwa mbali kumaithandiza kuti isapendeke. Komabe akatswiri amatha kuchita mwina. Roketi ya Atlas V 411, imene inanyamula chombo cha OSIRIS-REx mu 2016, inali ndi roketi yothandizira imodzi yokha, yomatidwa kumbali. Injini yake yaikulu inkapendeka pang'ono, ulendo n'kuwongoka. Space Shuttle, yomwe inkauluka kuyambira 1981 mpaka 2011, inkadaliranso injini zopendeka, popeza inkanyamuka itakakamira pambali pa chithanki cha mafuta.

Kumtunda kopanda mpweya, maonekedwe osalala alibe ntchito. International Space Station, yomwe anayamba kuimanga mu 1998, ili ndi zipinda ndi zipangizo zotundumuka uku ndi uko.

Masewera apakompyuta a Kerbal Space Program amatsata lamulo lija la mphamvu ya injini ndi kulemera kwa chombo. Wosewera akalemetsa mbali imodzi, roketi imapidiguka ikangonyamuka, n'chifukwa chake m'masewerawa muli chida choikira zipangizo mofanana kuzungulira roketi.