Momwe akatswiri amaonera mpweya ukamalekana ndi phiko la ndege

Mpweya wodutsa pa phiko la ndege suyenda pa liwiro limodzi. Umene wakhudza chitsulo chenichenicho umamatirira pomwepo, ndipo liwiro limakwera pang'onopang'ono m'kagawo kopyapyala kwambiri kamene akatswiri amakatcha boundary layer. Woyamba kufotokoza za kagawoka adali Ludwig Prandtl wa ku Germany, pamsonkhano wa akatswiri a masamu ku Heidelberg mu 1904.

Phiko likadzutsa mphuno pang'ono, kagawoka kamatsata msana wake mpaka kumapeto, ndipo mphamvu yonyamula ndege imakula. Koma chakumbuyo kwa phikolo mpweya umakumana ndi mphamvu yoububuza kuti ubwerere, ngati munthu wokwera chitunda. Kagawoka, kamene kafooka kale pokhulana ndi chitsulo, kamafika poima, kenako kamayamba kubwerera, mpweya n'kulekana ndi phiko. Pa mapiko ambiri zinthu zimaipa kupendekako kukafika madigiri pafupifupi 15, pamene mphamvu yonyamula imagwa mwadzidzidzi. Oyendetsa ndege amati imeneyi ndi stall, ndipo ndi imene idagwetsera ndege ya Air France m'nyanja ya Atlantic pa 1 June 2009, anthu 228 n'kufa.

Chovuta n'chakuti mpweya suoneka. Prandtl adapanga ngalande ya madzi yopukusa ndi manja, nawaza tizidutswa tonyezimira pamadzipo kuti kayendedwe kake kajambulike. Ena amathira timizere ta utsi m'chimpope chopemerera mphepo: timizereto timayenda mondondozana mpaka pamene mpweya walekana ndi phiko, apo n'kusokonekera. Njira yotsika mtengo, koma yosanama, ndiyo kumata tiulusi pa phiko. Pamene mpweya wagwira bwino, timagona moloza kumbuyo. Pamene walekana, timagwedezeka mwinanso kuloza kutsogolo. Njirayi imagwiranso pa ndege imene ili m'mlengalenga.

Pa zinthu zazitali zooneka ngati nsomba, monga thunthu la ndege kapena sitima yoyenda pansi pa madzi, kulekanaku kumachitika mwina. Chinthucho chikapendeka, kagawoka kamachoka m'mbali zonse ziwiri n'kupindika kukhala akamvuluvulu awiri kumsana. Henri Werlé wa ku bungwe la ONERA ku France adaonetsa zotere pothira utoto m'madzi oyenda, ndipo zithunzi zake zambiri zili m'buku la Milton Van Dyke la mu 1982, An Album of Fluid Motion.