Galu wa ku Baskerville m'Buku ndi pa Kanema

Ana inu, pamodzi ndi inu aphunzitsi, lero tikamba za galu amene wasautsa anthu opanga kanema kwa zaka zoposa 100. Galuyo apezeka m'buku lochedwa The Hound of the Baskervilles, limene analemba Arthur Conan Doyle. Nkhaniyi inayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini ya Strand ku London mu 1901, ndipo mu 1902 inasindikizidwa monga buku.

Nkhani yace ndi iyi. Ku Dartmoor, dera la madambo ndi nkhungu ku Mangalande, Sir Charles Baskerville anapezeka atafa pafupi ndi nyumba yace, wopanda bala. Capafupi panali mapazi a cigalu. Anthu a kumeneko anali kunena kuti banjalo linatembereredwa kalekale, ndi kuti galu wa mizimu amalondola ana ace. Pofuna kuteteza Sir Henry, wolowa nyumbayo, tifitifi wochuka Sherlock Holmes anatuma bwenzi lace Dr Watson kuti apite naye. Potsiriza cinsinsi cinaululika: Stapleton, wacibale wobisika amene anakhumbira cuma ca banjalo, ndiye anali kuweta galu wamkulu ndi kumpaka mankhwala owala mumdima.

Tsono taonani nzeru za mlembi. Bukuli liri ndi mitu 15, koma galuyo saonekera kwa Holmes ndi Watson kufikira pa mutu 14. M'mitu yonse ya m'mbuyo tingomva mbiri yace ndi kulira kwace usiku. Comweco wowerenga aliyense adziumbira yekha galu wace mumtima. Kodi si momwenso mucitira inu pomva nthano ya fisi madzulo? Fisi wa m'nthano ndiye woopsa kupambana amene mungamuone masana. Koma wopanga kanema alibe pothawira: ayenera kutenga galu weniweni ndi kumuimika pamaso pa anthu.

Ajeremani anayesa mu 1914. Masiku amenewo kanema analibe mau, motero kulira kwa galu, kumene ndiko mutu wa mantha onse, sikunamveke ai.

Mu 1939 kampani ya 20th Century Fox ku Amereka inajambula nkhaniyi, Basil Rathbone ali Holmes ndi Nigel Bruce ali Watson. Sanapite ku Dartmoor. Anamanga dambolo m'cinyumba cacikulu nadzazamo nkhungu yopanga. Nkhunguyo inawathandiza kwambiri, pakuti inabisa galu wao, wa mtundu wa Great Dane, kufikira nthawi yace. Ambiri amati ameneyu ndiye kanema wopambana, ndipo ine ndibvomerezana nao, ngakhale kuti Watson wa Bruce anayamba kuoneka wopepera, pamene wa m'buku ndi dotolo wanzeru ndi wolimba mtima.

Patapita zaka 20, mu 1959, kampani ya Hammer ku Mangalande inaonetsa Holmes m'kanema wa mitundu kwa nthawi yoyamba. Peter Cushing anali Holmes, Christopher Lee anali Sir Henry. Iwo anabveka galu wao cigoba kumaso kuti aopse. Koma poona kuti galu yekha sakwanira, anaonjezapo kangaude waululu amene m'buku mulibe, nasandutsa mkazi wa Stapleton kukhala mwana wace wamkazi wa mtima woipa. Aphunzitsi, cenjerani pamenepa: mwana amene waona kanema ameneyu cabe adzayankha molakwa mukamfunsa za bukulo.

Pambuyo pace nkhaniyi inalowa pa wailesi ya kanema. A BBC anaionetsa mu 1968 ndi Cushing yemweyo. Ku Soviet Union, mu 1981, Vasily Livanov anakhala Holmes wolankhula Cirasha, ndipo mu 1988 a Granada anajambula yao ndi Jeremy Brett.

Mu 2012 a BBC anabweranso ndi Benedict Cumberbatch, koma tsopano anasamutsira nkhaniyo m'masiku a makompyuta. Baskerville sinalinso nyumba ya banja ai, koma malo a asilikali oyeserako mankhwala mobisa. Mu nkhungu ya m'cigwa munali mankhwala osokoneza mutu, ndipo aliyense woipuma anali kuona cirombo ca maso ofiira. Ngakhale Holmes mwini wace anaciona, nanjenjemera. Ataciombera ndi mfuti nasendera pafupi, anapeza kuti pansi pagona galu wamba.