Kutsekedwa kwa Sukulu ku Kadoma ndi Chegutu mu 2020

Pa 24 Marichi 2020 sukulu zonse za m'dziko la Zimbabwe zidatsekedwa, kutatsala masiku 9 kuti teremu yoyamba ithe pa 2 Epulo. Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adali atalengeza kale pa 17 Marichi kuti mliri wa Covid-19 ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pa 23 Marichi mtolankhani Zororo Makamba adamwalira ku chipatala cha Wilkins ku Harare, kukhala woyamba kufa ndi nthendayi m'dzikomo. Tsiku lomwelo sukulu za ku Malawi nazonso zidatsekedwa. Makolo ambiri adayesa kuti ndi tchuthi chongofulumira. Koma boma lidalamula kuti kuyambira pa 30 Marichi aliyense abindikire pakhomo kwa masiku 21, masikuwo nkumangoonjezedwa.

Kuti timvetse kulemera kwa lamuloli ku Kadoma ndi ku Chegutu, nkofunika kubwerera m'mbuyo. Matauni awiriwa, amene mpaka 1982 ankatchedwa Gatooma ndi Hartley, adakula chifukwa cha golide, thonje ndi mafamu a azungu. Ku migodi monga Cam and Motor ya ku Eiffel Flats ndi Dalny ya ku Chakari kudafika amuna ochuluka ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ambiri atayenda pansi kudzera ku Tete. Ena adabwerera kwawo, ena adatchona. Zidzukulu zawo zilipo m'makomboni akale a migodi, ku Rimuka ndi ku Pfupajena, ndipo Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, adakavinidwabe. Mliri sudali mlendo kwa anthuwa: chimfine cha mu 1918 chidapha ogwira ntchito ambiri m'makomboni a migodi ya Southern Rhodesia, moti otsala ena adathawira kutchire.

Mbumba imeneyi ilibe mudzi wothawirako m'dzikomo. Mnzawo wachishona zinthu zikavuta amatumiza ana kwa agogo kumudzi kumene kuli munda ndi nkhokwe. Mdzukulu wa mtchona alibe kotumiza. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira 2000 kudachotsa ambiri ntchito ndi nyumba zomwe, ndipo fakitale ya nsalu ya David Whitehead, imene inkadyetsa mabanja ochuluka m'matauni onse awiri, idali italowa pansi. Mwana wa m'banja lotere chuma chake chidali sukulu basi. M'sukulu zina za pulayimale ankalandirakonso chakudya chamasana, chinthu chachikulu m'chaka chimene chilala chidawononga mbewu, ufa nkumasowa m'masitolo, mitengo ya zinthu nkukwera kupitirira 800 peresenti pofika Julayi.

Mu Juni boma, mothandizana ndi UNICEF, lidayambitsa maphunziro a pa wayilesi ya ZBC. Sukulu za anthu opeza bwino zidapitiriza kuphunzitsa pa intaneti, ndipo aphunzitsi ena ankatumiza ntchito pa WhatsApp. Ganizoli lidali labwino, koma lidafuna foni, ndalama za data ndi magetsi, pamene foni ya pakhomo nthawi zambiri idali imodzi ndipo inkachoka m'mawa pamodzi ndi mwini wake. Amayi ogulitsa tomato ndi kaunjika adaletsedwa kukhala pamisika. Choncho ana amene adatsekeredwa sukulu kuti atetezedwe adapezeka pamsewu atasenza lichero la malonda.

Anyamata adakopeka ndi golide. Dera la Kadoma ndi lodzaza ndi makorokoza, anthu okumba golide m'maenje ndi m'migodi yosiyidwa, ndipo aliyense ankadziwa kuopsa kwake, pakuti mu Febuluwale 2019 madzi adamiza anthu oposa 20 m'migodi ya ku Battlefields pafupi ndi tauniyi. Komabe mnyamata wa Fomu 3 amene wagwirapo madola aku America m'manja mwake sabwerera pa desiki mosavuta. Za atsikana, nduna Sithembiso Nyoni idauza nyumba ya malamulo kuti mu Januwale ndi Febuluwale 2021 mokha atsikana pafupifupi 5,000 adatenga mimba m'dziko lonse. Lamulo la maphunziro lokonzedwanso mu 2020 lidaletsa kuchotsa sukulu mtsikana woyembekezera, koma manyazi ndi kusowa womusiyira khanda zidasunga ambiri pakhomo.

Sukulu zidatsegulidwa pang'onopang'ono: olemba mayeso a ZIMSEC pa 28 Seputembala, ena pa 26 Okutobala, otsala pa 9 Novembala. Ngakhale pamenepo aphunzitsi ambiri sadafike m'kalasi, ponena kuti malipiro awo sakukwanira ngakhale thiransipoti. Pa mayeso a Giredi 7 a chaka chimenecho adakhoza ana 37 pa 100 alionse, kutsika kuchoka pa pafupifupi 47 mu 2019. Panali vuto linanso lokhudza makamaka ana a machona: ambiri adalibe ziphaso zakubadwa, pakuti makolo awonso adalibe zitupa, ndipo maofesi olembera ziphasozi adaimitsa ntchito zambiri m'nthawi ya mbindikiro. Mu Januwale 2021 matenda adabukanso mwamphamvu, sukulu sizidatsegulidwe mpaka Marichi, ndipo zitatsekedwa mu Juni zidakhala zotseka kufikira kumapeto kwa Ogasiti.